Wadirobu isananyamuke kusitolo, yendani ndi tepi m'nyumba mwanu

Wadirobu yoyamba imene ndinagula kusitolo yakutali inagona panja masiku awiri itafunditsidwa pulasitiki. Pakhomo lalikulu inadutsa bwinobwino, koma itafika pamene kolido imakhota inakakamira. Anyamata anayesa kuipendeketsa, kuitembenuza, mpaka penti ya pakhoma inayamba kusupuka. Mtima unandiwawa kwambiri, poti ndalama zake ndinasunga miyezi yambiri. Ndinali nditayeza malo oti idzakhale okha, njira yokafikira pamalopo osaiganizira.

Choncho musanalipire, pemphani a kusitolo akutumizireni miyeso itatu: kutalika, mulifupi ndi kuya kwake. Afunseninso ngati katunduyo amabwera wolumikiza kale kapena ali m'makatoni, ndipo ngati ndi makatoni, akuuzeni kuti ndi angati komanso kulemera kwa iliyonse. Mukatero tengani tepi muyambire pageti. Yezani khomo lililonse chitseko chili chotsegula, chifukwa chitsekocho ndi chogwirira chake zimadya malo. Makomo ambiri a zipinda sapitirira masentimita 80 kapena 90 mulifupi. Pakapereweza pang'ono, kuchotsa chitseko pamahinji ake kumakupatsani masentimita angapo, ndipo miyendo ya masofa ambiri imamasuka mukaipotokola. Pamasitepe yezani pamene amakhotera, muyang'anenso m'mwamba ngati pali nyale yolendewera.

Pali muyeso wina umene anthu ambiri amauiwala. Wadirobu yaitali imalowa m'chipinda itagona, kenako mumaidzutsa. Poidzutsa, chimene chimakhudza siling'i ndi mzere wopingasa wochokera pangodya ya pansi kukafika pangodya ya pamwamba ya mbali inayo, ndipo mzere umenewu ndi wautali kuposa wadirobuyo. Ya masentimita 235 kutalika ndi 60 kuya imafuna malo okwana pafupifupi masentimita 243 kuti idzuke. Ngati siling'i yanu ili pa 240, pa pepala zioneka ngati ikwana, koma sidzaimirira. Yotereyo muilumikizire m'chipinda momwemo ili chiimire, kapena musankhe ina.

Tsopano nkhani ya galimoto. A kusitolo akati "tikubweretserani", funsani kuti akutanthauza mpaka pati. Ena amatsitsira pageti n'kumapita, ena amalowetsa m'chipinda, ena amalumikiza komwe n'kutenga makatoni. Mtengo wa zimenezi umasiyana, ndipo ena amawerengera mtunda, ena kulemera, ena amaonjezera pa nsanjika iliyonse imene akwere. Zonse mwagwirizana zilembedwe pa lisiti kapena mu uthenga wa pafoni. Zongolankhula pakamwa zimasowa mboni tsiku la mavuto.

Ine ndimakonda galimoto ya sitolo ngakhale itakwererako mtengo, chifukwa katundu akawonongeka panjira mlandu umakhala wa iwo mpaka mutamulandira. Mukachita hayala lole yanu, kawirikawiri sitolo imasamba m'manja katundu akangotuluka pakhomo pawo, ndiye zotsalazo zili pakati pa inu ndi dalaivala. Mukasankha njira imeneyi mufunseni dalaivalayo poyera kuti china chikasweka alipira ndani, komanso ngati ali ndi inshulansi ya katundu wa makasitomala. Pakhale munthu wanu pokweza, aone katunduyo asanakwere ndi kujambula zithunzi.

Kakwezedwe ndiye kamandidetsa nkhawa kwambiri pa ulendo wautali. Mipando yambiri ya masiku ano ndi ya matabwa a utuchi wopanikiza, aja amati chipboard kapena MDF. Matabwa amenewa akanyowa amafufuma ndipo sabwereranso, komanso akagwedezeka kwa maola ambiri mabowo a zomangira amakula, mwendo n'kuyamba kugwedera. N'chifukwa chake katundu wa m'makatoni amayenda bwino kuposa wolumikiza kale. Galimoto ikhale yotseka, apo ayi pakhale tenti yosadontha ngakhale kumwamba kuli mbee. Magalasi ndi pamwamba pa tebulo la mwala ziyende zitaimirira chammbali, zitakulungidwa m'mabulangete. Mukazigoneka zimathetheka pakati galimoto ikagunda dzenje. Madilowa ndi mashelefu atulutsidwe kapena amangidwe, ndipo pamene lamba kapena chingwe chikudutsa pangodya aikepo katoni kuti chisadye thabwa.

Tsiku lobwera musalisiye lotseguka. Gwirizanani tsiku ndi maola, mutenge nambala ya dalaivala, mumutumizire malo anu pa mapu a pafoni, ndipo mumuuze zoona za msewu wanu: ngati ndi wopanikizika, ngati pali mawaya otsika, ngati lole yaikulu singatembenuke. Okhala m'nyumba zosanjikizana afunsiretu kwa oyang'anira nyumba ngati chikepe chimaloledwa kunyamula katundu. Madzulo a dzulo lake chotsani za m'njira, yalani makatoni akale pansi, ndipo ana ndi ziweto akhale kutali. Ngati onyamula ndi inu nokha, pezani anthu okwanira. Pindani mawondo osati msana, ndipo wamphamvu akhale kumunsi pamasitepe, poti kulemera kumatsikira kwa iye.

Galimoto ikafika, dalaivala amakhala pachangu, pepala ndi cholembera zili kale m'manja. Musasayine msanga. Ulendo wina ndinasayinira bedi makatoni ali otseka, poti munthuyo anati akuthamangira kwina ndipo ndinamumvera chisoni. Usiku potsegula ndinapeza thabwa la kumutu litang'aluka kuyambira pangodya. Nditaimba foni anandiwerengera mawu a papepala lomwe ndinasayina lija, akuti katundu walandiridwa ali bwino. Zinanditengera masabata ambiri kuti andisinthire.

Masiku ano ndimayamba ndawerenga makatoni, chifukwa amalembedwa kuti 1 mwa 3, 2 mwa 3, ndipo imodzi ikatsala bedi silingaime. Ndimayang'ana ngodya zophwanyika ndi malo onyowa, ndimajambula ndisanatsegule, kenako ndimatsegula dalaivala akuona. Mtundu ndi kukula ndimafananiza ndi za pa lisiti, madilowa ndimawakoka, kathumba ka zomangira ndimakafufuza. Chilema chilichonse, ngakhale kukalika kochepa, ndimachilemba papepalapo ndisanasayine, dalaivala n'kusayinanso, ine n'kujambula pepalalo. Ngati chawonongeka kwambiri ndimakana kulandira, chibwerere pa galimoto yomweyo, chifukwa kubweza katundu wolemera kusitolo yakutali pa ndalama zanu kumapweteka. Tsiku lomwelo ndimatumiza zithunzi kusitolo, poti masitolo ambiri amapereka masiku ochepa odandaulira.

Makatoni musawataye mpaka mutalumikiza zonse ndi kukhutira, popeza ena salandira katundu wobwezedwa wopanda zokutira zake. Ndipo wadirobu kapena kabati yaitali ikangoima, imangirireni kukhoma ndi kachitsulo kamene kamabwera m'kathumba kaja. Mwana akatsegula madilowa n'kuyamba kukwerapo, kabati yosamangirira imamugwera. Ine ndimachita zimenezi tsiku lomwelo, ndisanaikemo ngakhale malaya amodzi.