Madzi a m'zitsime za mafuta akatayikira pamalo panu, yezetsaninso matope

Alimi amene minda yanu yayandikana ndi zitsime za mafuta ndi gasi, dziwani kuti popopa mafuta mumatulukanso madzi ambiri amchere, ndipo madziwo amabwera ndi radium, chinthu chotulutsa cheza choopsa chomwe chikalowa m'thupi chimakakhazikika m'mafupa n'kuyambitsa khansa. Paipi ikaphulika, anthu amathamangira kuyezetsa madzi a mumtsinje, ndipo akamva kuti ali bwino mtima umakhala pansi. Apa m'pamene ambiri amanyengeka.

Mchere ukadali wambiri, radium amangoyenda ndi madzi, chifukwa sodium ndi calcium za mumcherewo zimamulanda malo omata pa dothi. Madziwo akangosakanikirana ndi a mvula kapena a mumtsinje, mchere umachepa mphamvu, radium n'kukakamira pa dongo, pa zowolerana, ndi pa dzimbiri lofiirira lija limakuta timiyala. Radium wina amagwirizana ndi zinthu zina za m'madzi zotchedwa barium ndi sulfate n'kupanga barite, chikhokho cholimba chimene mumachiona m'kati mwa mapaipi akale. Mchenga sugwira kwenikweni, umamulola kutsika pansi kumene kuli madzi a m'zitsime zomwe timamwa.

Pa kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2013, akatswiri a ku Duke University anayeza matope a mumtsinje wa Blacklick Creek ku Pennsylvania, m'dziko la America, pamalo pomwe ankatayirapo madzi otere atawasefa kale. Anapezamo radium wochuluka pafupifupi ka 200 kuposa kumtunda kwa mtsinjewo. Ndipo mtundu wa radium wotchedwa radium-226 umatenga zaka 1,600 kuti mphamvu yake ichepe ndi theka. N'chifukwa chake zimandipweteka ndikamva wina akunena kuti mvula itsuka.

Choncho uzani oyeza atape matope enieni, pamwamba ndi pansi pomwe, makamaka pamene madzi amadekha n'kusiya dongo, atapenso ena kumtunda oyerekezera nawo. Malo otayikirawo musalimepo, mungamwaze poizoni munda wonse, ndipo akauma fumbi lake mumalipuma. Tchingani kuti ziweto zisamwepo. Matope okumba m'ngalande yoteroyo musathire m'munda ngakhale aoneke achonde chotani.

Musaganizenso kuti dothi lagwira mpaka kalekale. Madzi ena amchere akadutsa, kapena matope akakhala m'madzi nthawi yaitali opanda mpweya, dzimbiri lija limasungunuka ndipo radium amamasuka. Mapaipi akale a kuzitsimeko, ngakhale akupatseni ulere, musamangire khola kapena kutungira madzi asanayezedwe.