Kuika webusaiti pa GitHub Pages osagwiritsa ntchito terminal

Mwafunsa ngati zingatheke kuika webusaiti pa GitHub Pages (njira ya GitHub yoikira mawebusaiti pa intaneti) popanda kulemba malamulo pa terminal (pulogalamu yolemberamo malamulo a kompyuta). Zimatheka, zonse zimathera mu browser.

1. Tsegulani akaunti pa github.com.
2. Pangani repository (malo osungiramo mafayilo a webusaiti yanu) yatsopano, muitche dzinalanu.github.io. Apa samalani kwambiri: pamene palembedwa dzinalanu, ikanipo dzina lofanana ndendende ndi la akaunti yanu. Ikhale Public kuti musalipire, ndipo chongani kuti ikhale ndi README (fayilo yofotokoza za repository), batani lotsatirali lioneke mosavuta.
3. Dinani Add file, kenako Create new file. Fayiloyo muitche index.md, lembanimo nkhani yanu, dinani Commit changes.
4. Pitani ku Settings, kenako Pages, pa Branch sankhani main, dinani Save.

Tsambalo likapanda kuoneka nthawi yomweyo musade nkhawa, limatha kutenga mphindi 10. Pulogalamu yotchedwa Jekyll ndi imene imasandutsa zolemba zanuzo kukhala tsamba.