Kudzutsa magetsi akazima dziko lonse

Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adadzaza Shire, dziko lonse lidagwa mumdima, ndipo siteshoni ya Kapichira, ya mamegawati pafupifupi 130, idakhala yosagwira ntchito kupitirira chaka. Zikatere simungangoyatsa switchi. Makina opanga magetsi nawonso amafuna magetsi kuti adzuke: mapampu a oyilo, zitseko za madzi, zoziziritsira, zonse zimakhala zili zii.

Yambani ndi kudula. A ku malo oyang'anira magetsi atsegule mabureka (maswitchi akuluakulu amene amadula magetsi akatsegulidwa) onse a nthambo za 132 kV ndi 66 kV, kuti makina oyamba asadzuke atasenza dziko lonse. Nthawi yomweyo yang'anani mabatire a m'masabusiteshoni. Ndi amene amayendetsa mabureka ndi zida zotetezera, ndipo amatha m'maola owerengeka. Akafa, bureka sangalamulidwenso muli kutali, munthu ayenera kupitako pagalimoto, mwina msewu utaduka.

Kenako sankhani siteshoni imodzi ya madzi pa Shire, monga Nkula kapena Tedzani, yomwe sinamire. Jenereta ya dizilo ipatse moyo mapampu, mudzutse makina amodzi okha mpaka frequency, yomwe imasonyeza liwiro la makinawo, ikhazikike pa 50 Hz. Musanatsegule madzi, chotsani zinyalala. Madzi osefukira amabwera ndi mitengo, namasupuni ndi mchenga, zomwe zimatseka sefa za polowera madzi. Makina amene akulandira madzi operewera amagwanso mutangowasenzetsa katundu, kutanthauza kuwalumikiza kwa ogwiritsa ntchito magetsi.

Magetsi a dzuwa monga a ku Salima musawayembekezere pa gawo ili. Ma inverter ambiri, zida zimene zimasintha magetsi a dzuwa kuti alowe pa nthambo, amatsata magetsi amene alipo kale pa nthambo, sayamba okha.

Poyatsa nthambo ndiye pamene ntchito imawonongekera kawirikawiri. Nthambo yaitali yopanda katundu imakweza voliteji kumapeto kwake, ndiye mukayatsa ya 400 kV yochokera ku Phombeya kupita ku Nkhoma muli ndi makina amodzi, zotetezera zikhoza kudula mwabwereranso pachiyambi. Yatsani zigawo zazifupi, ma reactor (zida zotsitsa voliteji yokwerayo) akhale olumikizidwa, ndipo pa sabusiteshoni iliyonse ikani katundu pang'ono musanapite patsogolo. Pang'ono pake ndi wotani? Chizolowezi chabwino nchakuti chigawo chilichonse chisapitirire 5 pa 100 ya mphamvu ya makina amene akuzungulira. Ngati muli ndi mamegawati 40, onjezani awiri, dikirani frequency ibwerere pa 50, kenako enanso awiri.

Musakhulupirire manambala akale a fida, laini yopereka magetsi ku dera. Dera lomwe lakhala mumdima maola khumi limakoka zoposa masiku onse, chifukwa mafiriji, magiza ndi zigayo zimayaka nthawi imodzi. Nchifukwa chake nkofunika kupempha anthu pa wailesi kuti azimitse giza ndi kuka, asiye babu limodzi.

Oyamba kulandira akhale masiteshoni ena opanga magetsi, kenako zipatala ndi mapampu a madzi ngati a ku Walker's Ferry, amene amakankhira madzi kumtunda ku Blantyre. Mapampu akuluakulu ayatsidwe imodziimodzi, chifukwa mota ikamayamba imakoka kasanu kapena kuposa pa mlingo wake.

Zigawo ziwiri zikadzuka padera, musazilumikize voliteji, frequency ndi phase (kuyendera limodzi kwa mafunde a magetsi) zisanafanane. Muvi wa synchroscope, chida chosonyeza ngati mbali ziwirizo zikufanana, uziyenda pang'onopang'ono, mutseke bureka kuti zilumikizane ukamafika pamwamba. Mukalakwitsa, kugwedezekako kumatha kuwononga jenereta.

Kunja, thiransifoma yomwe inalowa madzi isayatsidwe isanayezedwe ndi megger (chida choyezera ngati magetsi sakudontha), oyilo wakenso ayezedwe ngati muli chinyezi. Pamene nsanja yagwa, imikani yongoyembekezera kuti nthambo idutse. Ndipo aliyense wokwera pholo ayeze kaye ndi kumangirira waya wa earth mbali zonse ziwiri, ngakhale auzidwe kuti laini ndi yozima, chifukwa jenereta ya pagolosale yolumikizidwa molakwika imabweza magetsi kudzera mu thiransifoma, 230 V nkusanduka 11 kV pa waya amene wagwira.