Kufufuza Vuto la Sensa Yoyeza Kutentha kwa Mpweya Wolowa mu Injini

Kompyuta ya galimoto imafuna kudziwa kutentha kwa mpweya umene injini ikukoka, chifukwa mpweya wozizira umakhala wothinana ndipo umafuna petulo wochulukirapo kusiyana ndi wotentha. Ntchito yoyezayo ndi ya kasensa kotchedwa IAT, kamene kamakhala panjira ya mpweya pakati pa bokosi la fyuluta ndi injini. Pa magalimoto ena kamakhala pakokha ndi mawaya awiri, koma pa Toyota zambiri, monga Corolla ya injini ya 1NZ-FE, kali mkati mwa sensa ya MAF, yoyeza kuchuluka kwa mpweya wolowa, imene pulagi yake ili ndi mawaya asanu.

Kakayamba kunama, nyali ya check engine imayaka, galimoto imadya mafuta ndipo nthawi zina imavuta kulira m'mawa. Zizindikirozi pazokha si umboni, pakuti mavuto ena ambiri amaonekanso chimodzimodzi, choncho musathamangire kukagula sensa yatsopano musanayeze.

Yambani ndi makina owerengera makodi a OBD2, amene amalumikizidwa kunsi kwa chiwongolero. Makodi a sensayi amayambira P0110 kulekeza P0114, koma chothandiza koposa ndi kuona nambala imene kompyuta ikulandira. Chitani zimenezi m'mawa galimoto itagona usiku wonse, mutangotembenuza kiyi osaliza injini. Pa nthawiyo mpweya, madzi a mu injini ndi kunja zonse zimakhala zitazizira mofanana, motero ngati kunja kuli madigiri 18 ndipo sensa ya madzi ikunena 19, ya mpweya iyenera kukhala pafupi pomwepo. Ikanena 45, ikunama.

Nambala ziwiri n'zofunika kuzisunga pamtima. Mukaona -40, kumene kumayendera limodzi ndi P0113, ndiye kuti magetsi sakudutsa: waya waduka, pulagi yamasuka, kapena sensa yaduka mkati. Kawirikawiri wina amakhala kuti anasintha fyuluta n'kuiwala kubwezera pulagi, ndipo ndi zamanyazi kulipira makaniko chifukwa cha zimenezo. Mukaona kutentha kosatheka, monga 140 pa Toyota, pamodzi ndi P0112, waya wa sensa wakhudzana ndi wa nthaka (earth) kapena ndi chitsulo cha galimoto.

Apa m'pamene muyenera kusiyanitsa sensa ndi mawaya ake. Zulani pulagi, kiyi ali wotembenuza, ndipo makina ayenera kuonetsa -40. Akapitiriza kuonetsa 140, vuto lili m'mawaya kapena mu kompyuta. Kenaka lumikizani mabowo awiri a sensayo pa pulagi ndi kawaya kakafupi, ndipo nambala iyenera kulumphira pamwamba penipeni. Zonse ziwiri zikachitika, mawaya ndi kompyuta zili bwino, wolakwa ndi sensa. Pa pulagi ya mawaya asanu chenjerani kwambiri: lumikizani THA ndi E2 zokha, amene ali mabowo awiri a sensa ya kutentha, mutaona chithunzi cha mawaya a galimoto yanu, chifukwa bowo lina lili ndi mavoti 12 ndipo mukaphonya mukhoza kuotcha kompyuta. Pa waya wa THA, multimeter (chipangizo choyezera magetsi) iyenera kupeza mavoti pafupifupi 5 pulagi itazulidwa.

Sensa yeniyeniyo iyezeni itachotsedwa, multimeter ili pa ma ohm. Pa madigiri 20, zambiri zimaonetsa pakati pa 2,000 ndi 3,000, ndipo nambalayi imatsika kutentha kukamakwera, mpaka kufika cha m'ma 300 pa madigiri 80. Iuzireni mpweya wofunda wa makina oumitsira tsitsi muli chapatali, maso ali pa multimeter. Nambala iyenera kutsika pang'onopang'ono. Ikamadumphadumpha kapena kuima malo amodzi, sensayo yatha.

Vuto lobwera n'kupita, la P0114, limafuna kuleza mtima. Gwedezani mawaya pang'ono ndi chala kuyambira pa pulagi, mukuyang'ana nambala, ndipo fufuzani dzimbiri lobiriwira m'mabowo komanso pamene makoswe atafuna.

Ngati kamutu ka sensa kangokutidwa ndi fumbi ndi mafuta, monga zimachitikira pa galimoto zoyenda m'misewu yafumbi, kapopereni mankhwala otsukira MAF, osakakhudza ndi nsalu kapena burashi. Kasiyeni kaume kaye musanakabwezere, kenaka fufutani makodi, yendetsani galimoto, ndipo mawa lake m'mawa yerekezaninso nambala yake ndi ya sensa ya madzi.