Kutola nzeru kwa munthu amene zokonda zake si zanu

Ambirife tikamafunsa malangizo timangoti "ndigule iti?" kenako n'kukopera yankho basi, kuiwala kuti mnzathuyo akufuna zake ife zathu. Ine zinandionekera pa foni. Mnzanga wina wokonda kujambula zithunzi koopsa anandiuza kuti foni inayake ndi yabwino zedi, ndinagula, kamera inalidi bho koma pofika masana batire yatha kale, pomwe ine ndinkangofuna yoti ndiswere nayo osaitchaja. Sananame ayi, funso langa ndi lomwe linali lopotoka.

Ndiye poyambira pake, musafunse chomwe anasankha, funsani chomwe ankasaka. "Iwe umafuna chani pogula?" "Chakukhumudwitsa n'chani?" Funso lachiwirili ndi lomwe limatulutsa zambiri, chifukwa munthu akayamba kudandaula amafotokoza mwatsatanetsatane kuposa akamayamikira. Akamayankha inu muzipatula m'mutumo, izi waona ndi maso, izi wangokonda. Akati batire imatha asanaweruke ku ntchito, chimenecho tengani, chidzakuchitikirani inunso. Akati foniyo ndi yosaoneka bwino, zimenezo ndi zake, musiyeni nazo.

Akatswiri a maganizo a anthu anazifufuzapo izi. Leon Festinger mu 1954 ananena kuti timakonda kudziyerekeza ndi anthu ofanana nafe, koma Goethals ndi Nelson mu 1973 anapeza kuti zimatengera nkhani yake. Pa nkhani ya zokonda, ofanana nawe ndi amene amakulimbitsa mtima akavomereza. Pa nkhani yoti chinthu ndi choona kapena ayi, kuvomereza kwa munthu wosiyana nawe ndiye kumalemera, poti iye waionera mbali ina koma mwafika pamodzi. Ndiye ngati wokonda zithunzi uja ndi wokonda magemu onse akuti foni imatentha, imatenthadi, palibe zokambirana.

Komanso munthu amene simugwirizana naye chilichonse musamutaye. Ngati filimu iliyonse yomwe amaitama inu mumagona nayo pakati, ndiye kuti muli ndi kampasi yoloza chobwerera, akati "iyi ndi yobowa" inu kaioneni. Koma apa samalani, kusiyana kamodzi kapena kawiri sikukwanira, muyambe mwamuona kangapo ndithu, ndipo pa zinthu za mtundu womwewo, kusemphana pa mafilimu sikutanthauza kuti musemphananso pa nkhani ya sukulu kapena ntchito.

Pa zolinga zikuluzikulu, monga kosi yoti muphunzire, muzimufunsa kuti anataya chani kuti afike pomwe alipo, nthawi, tulo, kucheza ndi abale, kenako mudzifunse nokha ngati zimenezo mungalole kuzitaya. Njira yake mutha kubwerekako pang'ono, monga mmene amakonzera tsiku lake, osatengera komwe akulowera.

Zoseketsa n'zoti luso lozindikira kuti zokonda za wina si zathu timayamba nalo tili makanda. Akatswiri ena, Repacholi ndi Gopnik, mu 1997 anaona kuti ana a miyezi 18 ankapatsa munthu wamkulu chakudya chomwe iye waonetsa kuti akuchikonda ngakhale iwo asakuchifuna, pomwe a miyezi 14 ambiri ankangomupatsa chomwe amakonda eni akewo. Ine pa foni paja ndinaganiza ngati wa miyezi 14, ndipo mnzanga uja mpaka lero amadabwa kuti ndimayenderanji ndi tchaja m'thumba.