Thadzi latupa mimba: muchite chiyani?

Lipatuleni kaye, kenako lisisiteni pansi pa mimba, kumbuyo kwa miyendo.

Mukamva cholimba chozungulira, thadzi likungodzikakamiza, dzira lakanirira. Likhazikeni thadzilo m'beseni la madzi ofunda mphindi 20, lipukuteni, pakani mafuta ophikira potulukira dzira, muligoneke pamdima pofunda. Chonde musafinye! Dzira likaswekera mkati, nkhuku ikhoza kufa. Lisinjireni zikamba za mazira m'chakudya.

Mimba ikakhala yofewa ngati jumbo ya madzi, lipombo litada, kupuma kukuvuta, amenewo ndi madzi, mwina vuto la mtima kapena chiwindi. Alangizi a ziweto amawakoka ndi jakisoni pang'onopang'ono, koma madziwo amabwerera.

Mimba yotentha, thadzi litasiya kuikira ndi kudya, thamangirani kwa alangizi lero lomwe, pakufunika mankhwala opha tizilombo toyambitsa matenda m'thupi.