Wosewera akagwa osadzuka pampira wa sukulu: zoyenera kuchita mphindi zoyamba

Amene mumakonda mpira wa ana asukulu mukudziwa zimene zimachitika wosewera akagwa n'kungokhala zii. Anzake amamuunjirira, wina amavula jezi n'kuyamba kumukupiza, wina amathamangira chigubu cha madzi, wina amafuula kuti "wameza lilime, bweretsani supuni!" Kenako anyamata anayi amamunyamula, uyu mwendo uyu mkono, ulendo wa pamthunzi. Ngati mwanayo wangokomoka ndi dzuwa kapena njala, amatsitsimuka ndipo mpira umapitirira. Koma ngati mtima wake waima, zonsezi zikungodya nthawi imene ikanamupulumutsa.

Vutoli silichitika kawirikawiri, koma silisankha bwalo. Marc-Vivien Foé wa ku Cameroon anagwa pakati pa bwalo ku Lyon pa 26 June 2003, popanda womukhudza, ndipo anamwalira ali ndi zaka 28. Chaswe Nsofwa wa ku Zambia anamwalira chimodzimodzi ku Israel mu 2007. Ku Michigan, ku America, mnyamata wa sekondale wa zaka 16, Wes Leonard, anagwa mu March 2011 atangogoletsa chigoli chopambanitsa timu yake pa basketball, ndipo sanadzukenso. Komabe ena anapulumuka. Christian Eriksen wa ku Denmark anagwa pa 12 June 2021 ku Copenhagen, woyimbira anakodola achipatala nthawi yomweyo, anamutsindika pachifuwa pomwe anagwerapo, anamuwomba kamodzi ndi makina a magetsi odzutsira mtima, ndipo mu February 2022 anali akuseweranso mu Brentford. Kusiyana kwakukulu kumagona pa zimene anthu ali pafupi amachita m'mphindi zitatu kapena zinayi zoyamba. Ubongo ukasowa magazi umayamba kuwonongeka pakangotha mphindi 4 mpaka 6. Pamabwalo athu ambiri palibe ambulansi imene ingafike m'nthawi imeneyo, choncho ntchitoyi ndi ya inu kochi, aphunzitsi, woyimbira ngakhale sapota wamba.

Choyamba: zindikirani kuti ndi mtima

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera, ndiye tikhalitsepo. Wosewera akagwa yekha, popanda wothulana naye, n'kukhala osayankha, muziyesa kuti mtima waima kufikira mutaona umboni wina. Musadikire chilolezo cha woyimbira. Lowani m'bwalo.

Gwadani pambali pake, mugwedezeni mapewa, muitaneni dzina mokweza. Akapanda kuyankha, mugonekeni chagada, pendeketsani mutu wake chakumbuyo pang'ono, kwezani chibwano, ndipo yang'anani ngati chifuwa chikukwera ndi kutsika bwinobwino. Musapitirire masekondi 10. Kufunafuna kugunda kwa mtsempha padzanja kapena pakhosi asiyireni achipatala, chifukwa munthu wamantha amamva kugunda kwa zala zake zomwe n'kumayesa ndi za wodwalayo.

Pali zinthu ziwiri zimene zimapusitsa. China ndi kupuma. Munthu amene mtima wake wangoima amatha kukoka mpweya mwa apo ndi apo ngati nsomba yovuulidwa m'madzi, mwina ndi phokoso ngati mkonono, maso ali tong'o. Anthu amati "akupuma, musiyeni." Kumeneko si kupuma ayi, ndi ubongo umene ukulimbana ndi kusowa kwa mpweya. China ndi kuphupha. Osewera ambiri amene mtima waima amagwedezeka manja ndi miyendo kwa kanthawi, ndipo khamu limagamula kuti ndi khunyu. Mawu amenewo akangomveka, ena amabwerera m'mbuyo poopa thovu, ena amayamba kuloza timu ina kuti yabwera ndi mankhwala. Khunyu silipatsirana, ndipo za mankhwalazo mudzakangana madzulo. Wa khunyu akasiya kuphupha amapuma bwino. Uyu sakupuma bwino.

Nkhani ya lilime nayo ithe. Munthu sangameze lilime lake. Chimene chimachitika n'chakuti limalefuka n'kutsekereza njira ya mpweya, ndipo kukweza chibwano kuja n'kokwanira. Supuni, kamtengo kapena zala m'kamwa zimangothyola mano ndi kutaya nthawi.

Dziwaninso kuti kugundidwa pachifuwa ndi mpira kapena chigongono kungathe kuimitsa mtima wabwinobwino, ngati kwachitika pa kamphindi kolakwika m'kugunda kwake. Ndi zimene zinamuchitikira Damar Hamlin wa timu ya American football ya Buffalo Bills pa 2 January 2023: anadzuka kaye, kenako n'kugwa chagada. Anapulumuka chifukwa anayamba kumutsindika pachifuwa pomwepo.

Chachiwiri: tumani anthu ndi maina awo

Mukangofuula kuti "wina aimbe foni," aliyense amayang'ana mnzake. Lozani munthu. Uyu aimbire chipatala, uyu abweretse galimoto pafupi, awa akankhire khamu kumbuyo, uyu ayang'ane wotchi n'kusunga nthawi imene mwana wagwa. Ngati pamalopo pali makina a AED, owombera mtima ndi magetsi, tumani wothamanga kwambiri m'timumo.

Chachitatu: tsindikani pachifuwa pomwe wagwerapo

Musamunyamule. Nthaka ya pabwalo ndi yolimba, ndipo ndiyo ikufunika. Ikani tsinde la chikhatho chimodzi pakati penipeni pa chifuwa, pafupa lija lili pakati pa mabere, chakumunsi kwake. Sanjikani chikhatho chinacho pamwamba, lukanitsani zala. Wongolani mikono, zigongono zisapindike, mapewa anu akhale pamwamba pa manja anu, kuti muzitsindika ndi kulemera kwa thupi osati ndi mphamvu ya mikono yokha.

Tsindikani mwamphamvu kuti chifuwa chilowe masentimita 5 mpaka 6, kenako chilekeni chibwerere chonse musanatsindikenso, koma manja asachoke. Liwiro lake ndi ka 100 mpaka 120 pa mphindi, kutanthauza pafupifupi kawiri pa sekondi iliyonse. Werengani mokweza. Ngati mwana ndi wamng'ono, wa kupulayimale, dzanja limodzi lingakwane, bola chifuwa chizilowa gawo limodzi mwa magawo atatu a kuchindikala kwake.

Ambiri amalakwitsa potsindika mwaulemu, ngati akusisita. Magazi sangayende motero. Mwina mudzamva nthiti ikuti thyo. Pitirizani, nthiti imapola. Ndipo ngati munalakwitsa, mtima wake sunaime, mwanayo adzabuula kapena kukukankhani ndipo mudzasiya. Choopsa chake n'chochepa poyerekeza ndi kungoima n'kumayang'ana.

Ngati munaphunzirapo, mukatsindika ka 30 mupumireni m'kamwa kawiri, mutatsina mphuno ndi kukweza chibwano, mpaka chifuwa chikwere, kenako bwererani msanga. Ngati simunaphunzire kapena mukuchita nyansi, tsindikani kokha osalekeza. Magazi a wosewera amene wangogwa kumene amakhala akadali ndi mpweya wokwana mphindi zingapo, chofunika ndi kuwayendetsa. Kupumira m'kamwa kumafunika kwambiri kwa amene wamira m'madzi kapena waombedwa ndi mphenzi. Pa za mphenzizi ndiwonjezere: woombedwayo sasunga magetsi m'thupi, mukhoza kumugwira. Koma chanzeru ndi kuimitsa masewero mabingu akangoyamba kumveka, ngakhale zigoli zili zofanana.

Ntchitoyi ndi yotopetsa kuposa mmene imaonekera. Pakatha mphindi ziwiri ngakhale munthu wamphamvu amayamba kutsindika mosafika. Mnzanu agwade mbali inayo, muzisinthana mphindi ziwiri zilizonse popanda kupumira.

Pa ntchemberembaye ndi pa mpira wa atsikana pali vuto lina limene tisalibise. Mphunzitsi wamwamuna amazengereza kuika manja pachifuwa cha mtsikana anthu akuona, poopa zonenedwa. Ndikumvetsa, koma mwanayo sangadikire kuti mayi apezeke. Yambani inu amene muli pafupi, amayi atchinge ndi zitenje mozungulira, ndipo mmodzi mwa iwo akhale wosinthana nanu.

Chachinayi: makina a AED

Ndinene chilungamo. Kutsindika pachifuwa pakokha sikuti kumadzutsa mtima kawirikawiri. Kumangosunga ubongo wamoyo. Nthawi zambiri mtima wa wosewera suima n'kuti zii, umanjenjemera mopanda dongosolo chifukwa magetsi ake asokonekera, ndipo chimene chimaubwezera m'chimake ndi kuuwomba ndi magetsi. AED ndi kabokosi konyamulika kamene kamachita zimenezo. Mphindi iliyonse imene ipita popanda kutsindika kapena kuwomba, mwayi wopulumuka umatsika ndi 7 mpaka 10 pa 100 aliwonse.

Kagwiritsidwe kake si kovuta, chifukwa kamayankhula kokha. Kayatseni. Vulani kapena dulani jezi, pukutani thukuta. Matani timapepala take tiwiri pakhungu monga chithunzi chikusonyezera: kena pansi pa fupa la phewa lamanja, kena m'nthiti kumanzere, kunsi kwa khwapa. Wotsindika asasiye pamene mukumata. Kakanena kuti aliyense achoke, chokani nonse, ndipo kakalamula dinani batani. Mukangowomba yambiraninso kutsindika, musadikire kuona ngati wadzuka. Kabokosika kamadziyezera kokha ndipo sikawomba munthu amene sakufunika kuwombedwa.

Bronny James, mwana wa katswiri wa basketball LeBron James, anagwa pokonzekera masewero ku yunivesite ya USC mu July 2023 ali ndi zaka 18. Achipatala a timu anali pomwepo, ndipo mu December chaka chomwecho anali m'bwalo. Sukulu zathu zambiri zilibe makinawa ndipo ndi okwera mtengo. Koma amene amakonza mipikisano, kaya ndi a MASSA m'sukulu, a TESSAM m'makoleji kapena kampani yothandiza chikho, akhoza kufunsidwa funso losavuta: ndalama za jezi ndi zikho zapezeka, nanga kabokosi kamodzi koyenda ndi mpikisano? Kakapezeka, kakhale pabenchi m'mphepete mwa bwalo ndi batire lamoyo, osati mu ofesi yokiya ya ahedi Loweruka masana.

Musiye liti, ndipo mupite naye bwanji

Musiye pokhapokha wayamba kupuma bwino kapena kusuntha, kapena achipatala atenga ntchito, kapena nonse mwatheratu mphamvu. Musafulumire kutaya mtima. Fabrice Muamba wa Bolton anagwa pabwalo la White Hart Lane ku London pa 17 March 2012, mtima wake unatha mphindi 78 usakugunda wokha, ndipo ali moyo chifukwa madokotala sanasiye kutsindika ndi kuwomba.

Ngati thandizo lingathe kubwera pabwalo, lidikireni mukutsindika. Ngati n'zosatheka, pamafunika galimoto imene angagone chagada pamalo olimba, monga kumbuyo kwa pikapu kapena lole, anthu awiri akusinthana njira yonse. Pampando wa galimoto yaing'ono kapena pa kabaza simungathe kutsindika, ndipo mphindi khumi za ulendo wotero ndi zambiri kuposa zimene ubongo ungapirire.

Akayamba kupuma, mugonekeni chammbali, musamupatse madzi kapena chakudya, ndipo maso anu asachoke pachifuwa chake chifukwa mtima ungathe kuimanso. Apite kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino. Wokomoka amene akupuma bwino kuyambira pachiyambi safunika kutsindikidwa: mugonekeni chammbali, ndipo ngati thupi latentha kwambiri, monga zimachitikira mu October ku Chikwawa ndi ku Nsanje, apo ndiye madzi aja ndi kukupiza kuja zili ndi ntchito. Ngati anagundana mitu ndi mnzake, musamupotoze khosi.

Mpira usanayambe

Mphindi zisanu zokha makochi awiri ndi woyimbira akumane. Ndani akudziwa kutsindika pachifuwa? Galimoto ndi iti, makiyi ali ndi yani, mafuta alimo, geti ndi lotsekula? Nambala ya chipatala chapafupi ili m'foni ya yani, ndipo foniyo ili ndi mayunitsi? Funsiranitu kuti ndi chipatala chiti chili ndi makina owombera mtima, chifukwa chapafupi kwambiri mwina chilibe. A Malawi Red Cross Society ndi a St John amaphunzitsa chithandizo choyamba. Aitaneni kusukulu, ndipo asaphunzire aphunzitsi okha: osewera ndi amene amafika poyamba pa mnzawo.

Mvetserani ana akamadandaula

Mtima nthawi zina umachenjeza. Mwana amene anakomokapo ali pakati pothamanga, amene amamva kupweteka pachifuwa akamasewera, amene mtima umamuthamanga mosadziwika bwino, kapena amene amabanika msanga kuposa anzake onse, asamatchedwe waulesi. Funsaninso makolo ngati kubanja kwawo wina anamwalirapo mwadzidzidzi asanafike zaka 50, chifukwa matenda ena, monga kuchindikala kwa mnofu wa mtima kumene kunapha Foé, amayenda m'magazi. Kuno kwathu palinso matenda a mtima amene amayamba ndi zilonda zapakhosi zosachiritsidwa bwino paubwana, n'kuwononga zitseko za mtima pang'onopang'ono. Mwana wotere ayambe waonedwa kuchipatala cha boma, kumene angamutumize ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth kapena Kamuzu Central kuti akamuyeze mtima. Ndipo amene thupi latentha, kaya ndi malungo kaya chimfine, asalowe m'bwalo.

Chovuta n'chakuti wodandaulayo nthawi zambiri amakhala uja amagoletsa, ndipo fainolo ndi mawa. Enock Mwepu, amene anali kaputeni wa Chipolopolo, anadwala ali paulendo wokakumana ndi timu ya Zambia mu September 2022. Madokotala atamuyeza anapeza vuto la mtima lochokera kumtundu, ndipo mu October chaka chomwecho anasiya mpira ali ndi zaka 24, ali pachimake ku Brighton. Inu kochi, mwana akabwera ndi kalata ya dokotala yoti apume, mupatseni ntchito yosunga wotchi ndi foni pabenchi.